Mawindo Ogwedera Kapena Pulinta Yosindikiza: Chimakokera Anthu ku Linux N'chiyani?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inatseka thandizo lanthawi zonse la Windows 10. Makompyuta ambiri amene akadali ndi mphamvu sangalandire Windows 11, ena chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ena chifukwa purosesa yawo ndi yakale kuposa m'badwo wa 8 wa Intel. Anthu wamba anapatsidwa mwayi wowonjezera chaka chimodzi cha zokonza za chitetezo, kufika Okutobala 2026, koma kumeneko n'kungokankhira tsiku patsogolo. N'chifukwa chake dzina la Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, layamba kumveka pakamwa pa anthu amene kale sankalitchula n'komwe.

Pamenepa mkangano wakale wadzukanso pakati pa amene amapanga ndi kufalitsa mapulogalamu a Linux. Mlendo akabwera kudzafunsa, mumuonetse chiyani choyamba? Ena amati muonetseni zothyola khosi: mawindo ogwedera ngati nsalu pamphepo, sikirini yozungulira ngati bokosi, windo limene limapsa ndi moto mukalitseka. Ena amati zimenezo n'zidole, chikomekome cha mkuyu. Kwa iwo munthu amafuna kumva kuti kompyuta yake yakale ipitiriza kugwira ntchito, salipira laisensi, ndipo kalata yake isindikizika. Mbali iliyonse ili ndi umboni wake. Chimene chimaiwalika pokanganapo n'chakuti zokongolazo ndi zina mwa zothandizazo zimatuluka m'makina amodzi.

## Mayina oti tiwamve kaye

Pulogalamu ya open source ndi imene malangizo amene anaipangira, otchedwa source code, ali poyera. Aliyense angawawerenge, kuwasintha ndi kugawira ena malinga ndi chilolezo chake. Chilolezo chotchuka ndi GPL, chochokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman anayambitsa mu 1983. Linux yeniyeni ndi kernel, phata limene limalankhula ndi purosesa, RAM, kiyibodi ndi zipangizo zina zonse. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki.

Phata lokha simungalembere kalata. Magulu ndi makampani amaliphatikiza ndi mapulogalamu ena ambirimbiri n'kumanga mtolo wathunthu wotchedwa distro, monga Ubuntu, Debian, Fedora, Linux Mint ndi openSUSE. Ndiye pali chimene maso anu amaona: mabatani, mndandanda wa mapulogalamu, mafelemu a mawindo, koloko pakona. Chimenechi ndi desktop. Pa Windows ndi pa Mac anakusankhirani kale. Pa Linux mumasankha nokha pakati pa GNOME, KDE Plasma, Cinnamon, Xfce, LXQt ndi ena, ndipo mkangano wathu uli pa gawo limeneli.

## Chaka cha bokosi lozungulira

Kumayambiriro kwa 2006 kampani ya Novell inatulutsa Compiz, pulogalamu yoyendetsa mawindo imene David Reveman analemba. Inafika pa nthawi yake. Apple inali itayamba kale, mu 2002, kujambula mawindo a Mac OS X ndi khadi la zithunzi, pamene Microsoft inali kukonza Windows Vista ndi maonekedwe ake onga galasi otchedwa Aero, amene anafika kwa ogula mu Januwale 2007. Kuti Aero iyake pankafunika RAM ya 1 GB ndi khadi la zithunzi logwirizana ndi ma driver (mapulogalamu oyendetsa khadilo) atsopano a Vista. Malaputopu ambiri okhala ndi chip cha Intel 915 anatsala kunja. Compiz inkayenda pa malaputopu omwewo, n'kumazunguza bokosi lake pamene Vista ikuoneka mbuu.

YouTube inali itangobadwa mu 2005, ndipo mavidiyo a bokosilo anafala ngati moto wolusa. Gulu lina linapatuka n'kupanga Beryl, yodzaza ndi zokometsera zinanso, kenako mu 2007 magulu awiriwa anagwirizananso pansi pa dzina la Compiz Fusion. Ubuntu 7.10 ya mu Okutobala 2007 inabwera Compiz ili yoyatsa kale pa makina amene akanaikwanitsa, ndipo KDE 4.0 ya mu Januwale 2008 inabwera ndi zokometsera zakezake.

Kodi anthu anasamuka? Ambiri anayesa, zimenezo n'zosakayikitsa. Koma kwa zaka zoposa khumi zotsatira, ziwerengero za StatCounter, kampani yowerenga olowa pa masamba a intaneti, zinkaika Linux pafupi ndi kompyuta imodzi kapena ziwiri pa 100 zilizonse za pa desiki ndi malaputopu. Inadutsa 4 pa 100 mu 2024, Compiz itaiwalika kale ndi ambiri. Ziwerengerozi n'zofuna kusamala nazo, chifukwa zimawerenga maulendo olowa pa masamba a intaneti, osati makina enieni. Komabe zikuonetsa kuti vidiyo yosangalatsa ndi kusamuka kwa anthu si chinthu chimodzi.

## Windo limagwedera bwanji?

Apa m'pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa munthu akamvetsa gawo ili saonanso mkanganowu ngati wa zidole ndi ntchito.

Kale pa X11, dongosolo lojambulira sikirini limene linakhazikika mu 1987, sikirini inali ngati bolodi limodzi limene anthu ambiri akulembapo, aliyense pakachigawo kake. Windo lina likaphimba linzake, zimene zaphimbidwazo zimafufutika. Mukalisuntha, mwini wa kachigawo kamene kavundukuka amauzidwa kuti alembenso. Akakhala wotanganidwa kapena wauma, pamatsala chibowo chotuwa, kapena windo limene mukukokalo limasiya mizere ya zithunzi zake m'mbuyo monse. Amene anagwiritsapo ntchito makompyuta a nthawi imeneyo, a Windows XP omwe, amazikumbukira.

Njira yatsopano imatchedwa compositing. Pulogalamu iliyonse imapatsidwa pepala lakelake m'memory, ndipo imajambula windo lake lonse pamenepo, kaya likuoneka kaya laphimbidwa. Ndiye pali pulogalamu imodzi, compositor, imene imatenga mapepala onsewo, kuwasanja lina pamwamba pa linzake, n'kupereka chithunzi chimodzi ku sikirini. Ntchito yosanjayo imagwiridwa ndi GPU, chip chopangidwira zithunzi chimene magemu amadalira. Pa sikirini wamba ya 60 Hz zimenezi zimachitika ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti compositor ili ndi mamilisekondi osakwana 17 kuti imalize chithunzi chilichonse. Ikachedwa, diso limaona kudodoma.

Windo likasanduka pepala, mungalichite chilichonse chimene pepala lingachitidwe. Mungalichepetse, kulipendeketsa, kuliika mthunzi, kapena kulipangitsa kuonekera mkati. Windo logwedera ndi pepala lomatidwa pa timfundo tolumikizana ngati ndi masipuling'i. Mukagwira pamwamba n'kukoka, mfundo imene mwagwirayo imatsogola, zinazo zimatsatira mochedwerapo n'kudumphadumpha zisanakhazikike. Bokosi lija nalonso si matsenga. Linux inali kale ndi ma workspace, kutanthauza madesiki angapo pa sikirini imodzi, lina la makalata, lina la intaneti, lina la nyimbo. Compiz inangomata madesiki anayi m'mbali zinayi za bokosi.

Zonsezi zili ndi mtengo wake m'memory, ndipo mtengowo ungawerengedwe. Kadontho kalikonse ka pa sikirini kamadya mabayiti 4. Windo lodzaza sikirini ya 1920 kwa 1080 limafuna pafupifupi 8 MB, ndipo pa sikirini ya 4K limafuna pafupifupi 33 MB. Lero zimenezo n'zochepa. Mu 2006, pa khadi la 64 MB, ngakhale windo la 1024 kwa 768 la 3 MB linkawerengedwa, ndipo pa makhadi ena a Nvidia memory ikatha mawindo atsopano ankangotseguka akuda bii. Chokometsera cholemera kwambiri mpaka pano ndi blur, kuziralitsa zimene zili kuseri kwa windo loonekera mkati. GPU imayenera kuwerenga madontho a kumbuyoko, kuwasakaniza ndi oyandikana nawo kangapo, n'kubwerezanso nthawi iliyonse pamene china chasuntha kumbuyoko.

Tsono taonani zimene zinatuluka m'makina omwewa. Chithunzi cha vidiyo sichidukanso pakati, chifukwa compositor imadikira sikirini kuti imalize kuonetsa chithunzi chimodzi isanapereke china. Mukadina batani limodzi mawindo onse amayalidwa pamaso panu ali amoyo, vidiyo ikuseweredwabe m'kawindo kakang'ono. Munthu wosaona bwino angakulitse gawo lililonse la sikirini kapena kutembenuza mitundu, choyera chide, chakuda chiyere. Pulogalamu ikauma, windo lake silisiyanso mizere. Palibe amene amazitcha zimenezi zidole, koma n'za m'mimba imodzi ndi bokosi lozungulira.

Lero pa ma desktop ambiri compositing si chinthu choyatsa ndi kuzimitsanso. Wayland, dongosolo lolowa m'malo mwa X11 limene Kristian Høgsberg anayamba mu 2008, linamangidwa pa mfundo yakuti compositor ndiyo mwini sikirini. Fedora 25 inalitenga mu 2016, Ubuntu inakhazikikapo kuyambira pa 21.04, ndipo KDE Plasma 6 ya mu Febuluwale 2024 inachita chimodzimodzi. Pali phindu la chitetezo pamenepa. Pa X11 pulogalamu iliyonse yotseguka ingathe kumvetsera zimene mukulemba m'windo la pulogalamu ina, kuphatikizapo mawu achinsinsi, pamene pa Wayland zonse zimadutsa kwa compositor. Choseketsa n'chakuti Plasma 6 yomweyo inabwezanso bokosi lozungulira, limene linali litachotsedwa kwa kanthawi.

## Pamene zokongola zimasanduka mutu

Vuto lalikulu ndi driver, pulogalamu imene imamasulira pakati pa Linux ndi GPU. Ma driver a Intel ndi AMD ndi a open source ndipo amabwera kale mu kernel ndi mu mtolo wotchedwa Mesa, choncho nthawi zambiri simuchita kanthu. Za Nvidia n'zina. Pali driver ya kampaniyo, imene mbali yake ina ikadali yotseka ngakhale mu 2022 anatsegula gawo lolowa mu kernel, ndipo pali nouveau, yolembedwa ndi anthu odzipereka, imene pa makhadi ambiri imakhala yofooka.

Driver yoyenera ikasowa, Linux siima. Imapereka ntchito ya GPU kwa purosesa kudzera mu llvmpipe. Zizindikiro zake n'zodziwika: fani ikulira osapuma, mawindo akukokeka movutikira, batire likutha msanga. Kuti mutsimikize, tsegulani terminal, windo lolembamo malamulo, n'kulemba `glxinfo | grep renderer`. Pa Ubuntu ndi Mint lamuloli lingafune kuti muike kaye pulogalamu ya mesa-utils. Yankho likakhala ndi mawu akuti llvmpipe, ndiye kuti khadi lanu likungogona. Pa Mint mumakonzera mu Driver Manager, pa Ubuntu mu Additional Drivers.

Pamenepa pali msampha umene umakola ambiri. Ngati Secure Boot, chitetezo chokana mapulogalamu osavomerezeka kompyuta ikamayaka, ndi yoyatsa, kuika driver ya Nvidia pa ma distro ena kumafuna kuti mupange mawu achinsinsi a kanthawi. Mukayatsanso kompyuta pamabwera sikirini ya buluu yolembedwa MOK yofuna kuti muvomereze kiyi ya driver ndi mawu omwewo. Munthu wosadziwa amaidumpha poganiza kuti ndi cholakwika, ndipo driver ija, ngakhale inaikidwa bwinobwino, kernel imakana kuiyatsa. Pa laputopu yokhala ndi ma GPU awiri, ya Intel ndi ya Nvidia, onetsetsani kuti yaikidwa pa on-demand, kuti ya Nvidia izidzuka pokhapokha gemu kapena ntchito yolemera yaifuna. Ikamayaka tsiku lonse kungojambula mithunzi ya mawindo, batire silichedwa.

Vuto lina ndi la zowonjezera. GNOME ilibe bokosi kapena mawindo ogwedera mwa iyo yokha, ndiye anthu amaika ma extension olembedwa ndi ena. GNOME yatsopano imatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mu Malichi ndi mu Sepitembala, ndipo extension imene mwini wake sanaikonzenso imasiya kugwira, nthawi zina n'kugwetsa desktop yonse. Palinso anthu amene zoyendayenda za pa sikirini zimawachititsa chizungulire. GNOME ili ndi batani lochepetsa zoyendayendazo m'gawo la Accessibility, ndipo KDE ili ndi kosuntha ka liwiro kamene mungakafikitse pa Instant. Ngakhale kwa wopanda chizungulire nthawi imawerengedwa: kanthu ka theka la sekondi, mukamasintha mawindo ka 200 pa tsiku, ndi masekondi 100 ongoyang'ana.

## Phindu lenileni, ndi pamene limathera

Zimene a mbali ya zothandiza amatchula n'zoona. Palibe laisensi yolipira. Desktop yopepuka ngati Xfce kapena LXQt imayenda pa kompyuta ya RAM ya 4 GB imene Windows 11 yaikana. Mapulogalamu amachokera m'nkhokwe imodzi ya distro, yotchedwa repository, ndipo lamulo limodzi limakonza onse pamodzi, m'malo moti aliyense azikuvutitsani payekha. Ubuntu ya LTS, imene imatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, imalandira zokonza za chitetezo zaulere kwa zaka zisanu. Simukakamizidwa kutsegula akaunti ya pa intaneti kuti mulowe m'kompyuta yanu.

Koma ofalitsa ena amakokomeza. Desktop yopepuka siichepetsa njala ya browser. Masamba khumi otseguka mu Firefox kapena Chrome angadye RAM yoposa desktop yonse, kaya muli pa Linux kaya pa Windows. Pa kompyuta yakale, kuchotsa hard disk yozungulira n'kuika SSD, disk yopanda zozungulira, kumasintha liwiro kuposa kusintha desktop. Za mavairasi nazonso si kuti Linux ili ndi chithumwa. Opanga mavairasi amathamangira kumene kuli anthu ambiri, ndipo chizolowezi chotenga mapulogalamu m'nkhokwe chimatseka njira imodzi yaikulu. Munthu amene amakopera lamulo lililonse la pa intaneti n'kuliyendetsa ndi sudo, mawu amene amapatsa lamulo mphamvu zonse pa kompyuta, wadzitsegulira yekha chitseko.

Malo amene anthu ambiri amabwererapo ndi mafayilo. LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata ndi matebulo imene inapatuka ku OpenOffice.org mu 2010, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel (docx ndi xlsx), koma kalata yolembedwa ndi zilembo za Calibri kapena Cambria imasokonekera ngati zilembozo palibe. Pulogalamu imaika zina zosiyana m'lifupi, mizere imasuntha, tebulo limagawika pa masamba awiri, ndipo siginecha imakathera payokha pa tsamba lomaliza. Mankhwala ake ndi kuika Carlito ndi Caladea, zilembo zaulere zopimidwa kuti zifanane m'lifupi ndi ziwiri zija, monga mmene za Liberation zimalowera m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Ma macro a VBA, timapulogalamu tolembedwa m'kati mwa mafayilo a Excel, amagwira mwa apo ndi apo. Microsoft Office ya pa kompyuta, Adobe Photoshop ndi AutoCAD zilibe mtundu wa Linux. Office ya mu browser ilipo koma ndi yochepekedwa, ndipo GIMP, Krita ndi Inkscape ndi mapulogalamu amphamvu a zithunzi amene amafuna kuphunzira mwatsopano.

Mapulinta atsopano olankhula IPP Everywhere kapena AirPrint amapezeka okha pa netiweki popanda driver. Ovuta ndi ena akale otchipa amene ntchito yonse yokonza tsamba ankaisiyira driver ya Windows. Pa Wi-Fi, tchipisi tina ta Broadcom ndi Realtek timafuna driver yodawuniloda, pamene kudawunilodako kukufuna intaneti imene mulibe. Njira yotulukira ndi chingwe cha netiweki, kapena kulumikiza foni pa USB n'kuyatsa tethering kuti igawireko kompyuta intaneti.

Ndipo phindu lotere lili ndi chilema chimodzi pa nkhani yokopa anthu: silioneka. Kompyuta imene sinaime lero simungaijambule vidiyo. Zaka zisanu za zokonza za chitetezo sizichititsa munthu wodutsa kuima n'kufunsa kuti "chimenechi n'chiyani?" Bokosi lozungulira limatero m'masekondi atatu.

## Amene anasamuka ambiri anatsata chiyani?

Apolisi a Gendarmerie ku France anayamba ndi mapulogalamu, osati Linux. Cha mu 2005 anaika OpenOffice pa makompyuta a Windows, kenako Firefox ndi Thunderbird, ndipo kuyambira 2008 anayamba kusamutsira makompyuta masauzande ambiri ku mtundu wawo wa Ubuntu wotchedwa GendBuntu. Pofika tsiku losintha, wapolisi anali atazolowera kale zida zake, chasintha ndi pansi pokha. Mzinda wa Munich ku Germany unaganiza zosamuka mu 2003, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali pa LiMux, Linux ya mzindawo. Mu 2017 khonsolo inavota zobwerera ku Windows, pakati pa madandaulo a mafayilo ndi mapulogalamu apadera a m'maofesi, komanso kusintha kwa ndale za mzindawo. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein, ku Germany konko, linalengeza zosamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux, chifukwa chachikulu chikhala kusafuna kudalira kampani imodzi pa zinsinsi ndi ntchito za boma. M'nkhani zitatuzi mulibe windo logwedera.

A mbali ya zokongola amayankha kuti wogwira ntchito m'boma sasankha, amangopeza pa desiki. Funso lawo ndi la munthu payekha, ndipo mfundo yawo yamphamvu si ya chiwerengero. Mapulogalamu a open source amakhala ndi moyo chifukwa cha ogwiritsa ntchito amene amasanduka othandiza: onena zolakwika, omasulira m'zinenero zina, olemba malangizo, ndipo ena olemba code. Wachinyamata amene walowa chifukwa chofuna sikirini yonga ya m'vidiyo, masiku ano kawirikawiri ya compositor yotchedwa Hyprland, amakakamizika kutsegula terminal, kusintha mafayilo a makonzedwe, kuwononga ndi kukonzanso. Pakutha pa mwezi amadziwa za Linux kuposa amene waigwiritsa ntchito zaka zisanu polemba makalata okha. Ena mwa iwo amatopa n'kuchoka. Otsalawo ndi amene mawa adzakonze driver ya pulinta ija.

M'pofunikanso kusiyanitsa chionetsero ndi ukhondo. Zilembo zosalala, mabatani ofanana, mipata yolinganira, windo limene likamatsika limakuonetsani kumene lapita kuti musalisake: zimenezi sizidabwitsa munthu, koma zikasowa amaganiza kuti pulogalamuyo inasiyidwa kalekale, ndipo sangaikhulupirire ndi mafayilo ake. Kuzolowera nakonso kumakoka. GNOME 3 itatuluka mu Epulo 2011 ndi maonekedwe atsopano kotheratu, ndipo Ubuntu 11.04 itabwera ndi desktop yatsopano ya Unity mwezi womwewo, ambiri anathawira kumene kunali mndandanda wakale pakona. Ma desktop a MATE ndi Cinnamon anabadwa chaka chomwecho chifukwa cha kukana kumeneko, ndipo Linux Mint inakula nako.

Pali chinthu chachitatu chimene mbali zonse ziwiri zimachilambalala. Anthu ambiri saika okha pulogalamu yoyendetsa kompyuta, amagwiritsa ntchito imene agula nayo. Mafoni a Android ndi ma Chromebook amayenda pa kernel ya Linux, eni ake osadziwa n'komwe. Asus Eee PC ya mu 2007, kalaputopu kakang'ono, inagulitsidwa ndi Linux ya Xandros ndipo inayenda malonda, koma timalaputopu totere titayamba kubwera ndi Windows XP, ogula anabwerera ku chimene ankachidziwa. Steam Deck, kompyuta ya m'manja yosewerera magemu ya kampani ya Valve, imene inatuluka mu Febuluwale 2022, imayenda pa SteamOS yomangidwa pa Arch Linux, ndipo Proton, imene Valve inatulutsa mu 2018 pa maziko a Wine (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux), imachititsa magemu masauzande a Windows kuseweredwa pamenepo. Wogula akufuna gemu yake iyake, ndipo imayaka pa sikirini yosalala yosamufunsa mafunso. Kodi pamenepa chamukoka ndi kukongola kapena phindu? N'kovuta kuzilekanitsa. Malire ake ndi omwe aja: Fortnite ndi Valorant sizigwira pa Linux chifukwa cha mapulogalamu awo oletsa kubera, ndipo kwa wosewera zimenezo nkhani yathera pomwepo.

## Kuyesa musanakhudze hard disk

Ubwino wake, simufunika kukhulupirira mbali iliyonse. Ma distro ambiri amayaka kuchokera pa fulashi popanda kusintha kanthu m'kompyuta. Dawunilodani fayilo ya ISO, imene imanyamula distro yonse, pa tsamba lenileni la distro. Ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, ya Mint pafupifupi theka lake, choncho fulashi ya 8 GB ikwana. Yerekezani nambala ya SHA256 ya fayiloyo ndi imene yalembedwa pa tsambalo, chifukwa ISO yoduka pakati imabala zolakwika zosamvetseka. Ilembeni pa fulashi ndi Rufus, balenaEtcher kapena Ventoy, podziwa kuti zonse zimene zinali pa fulashiyo zifufutika. Poyatsa kompyuta dinani batani losankhira poyambira, kawirikawiri F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP, Esc pa Asus.

Ikayaka, musayambe ndi zokometsera. Lumikizani Wi-Fi. Sewerani vidiyo kuti mumve mawu, yesani kamera ndi maikolofoni. Sindikizani tsamba limodzi. Tsegulani fayilo yanu yovuta kwambiri, ya matebulo ndi zithunzi, osati kalata ya mizere itatu. Tsekani chivundikiro cha laputopu, dikirani mphindi imodzi, tsegulani muone ngati yadzuka ndiponso ngati Wi-Fi yabwerera. Lumikizani sikirini yachiwiri kapena pulojekita ngati mumaigwiritsa ntchito. Zikatero sewerani: pa KDE Plasma pitani ku System Settings, Desktop Effects, muyatse Wobbly Windows. Musaweruze liwiro pamenepa, chifukwa fulashi ndi yochedwa kuposa SSD, ndipo pa khadi la Nvidia mwina mukuyendera nouveau.

Mukafuna kuika Linux pambali pa Windows, sungani kaye mafayilo anu kwina, ndipo Ubuntu muipatse malo osachepera 25 GB. Ngati BitLocker, loko wa disk wa Windows, ndi yoyatsa, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, chifukwa Windows ingaifune ikaona kuti kayambidwe ka kompyuta kasintha. Zimitsani Fast Startup mu Windows, apo ayi imasiya disk ili ngati yogona ndipo Linux imakana kulembapo. Koloko ikamasiyana ndi maola angapo nthawi iliyonse mukasintha, chifukwa chake n'chakuti Linux imasunga nthawi ya UTC, ya dziko lonse lapansi, m'koloko ya makina pamene Windows imasungamo nthawi ya kumene muli, ndipo lamulo la `timedatectl set-local-rtc 1` limazigwirizanitsa.

Musanaike driver yatsopano ya GPU kapena extension yosintha desktop, pangani snapshot, kope la mmene Linux yanu ilili loti mudzabwererepo, ndi pulogalamu ya Timeshift, imene pa Mint imabwera kale. Sikirini ikadzayaka yakuda pambuyo pake, dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi. Mudzafika pa sikirini ya zilembo zokhazokha imene sidalira compositor. Lowani ndi dzina lanu ndi mawu achinsinsi, lembani `sudo timeshift --restore`, n'kusankha snapshot munapanga ija.